Mwandibera Tsiku

Alamu yalira 2 koloko itangodutsa.
Kunja mvula ya ku Gateshead, yosadziwa nyengo,
ikukanda windo ngati mphaka.
Amako ali pa shifiti, akutembenuza okalamba a eni.
Tatsala ine ndi iwe, Ndaziona,
ndi kapampu kako m'thumba la pijama.

Shuga: 19.6.

Chonsecho madzulo unadya dzira ndi buledi mmodzi yekha.
Ndinawerengetsa ndekha, mabatani ndinadina ndekha.
Pampu ikuti ndapereka.
Magazi akuti sitinalandire.
Mlandu wotere ndimaudziwa.

Ku Bilira ndinkakonza mijigo.
Madzi akakana kutuluka sindinkakalipira chogwirira,
ndinkazula mapaipi, imodzi, ina, inanso,
amayi atandandalika ndi zidebe zawo kudikira,
mpaka ndipeze kamphira kodyeka kumunsi kwenikweni.
Lero paipi yanga ndi yopyapyala ngati ulusi wa telala
ndipo chitsime chake chikupuma, chikutuluka thukuta pamphuno.

Tochi ya foni ndaluma ndi mano.
Zala zikutsata kachubu kuchokera ku pampu, pang'onopang'ono.
Thovu la mpweya mulibe.
Mfundo palibe, ngakhale umagona mozungulira ngati chigayo.
Mwezi watha kanakola pa chogwirira cha chitseko,
koma lero polumikizira pali nganganga.
Ndafika pamimba pako.
Pulasitala yanyowa m'mbali.
Ndanunkhiza chala: fungo lija, la kolido ya chipatala.
Insulini wathera pakhungu
ngati madzi otayikira pa simenti.

Dontho lina la magazi, la maketoni: 0.9.
Khosi langa lauma.

Pa fuliji pali pepala la Nesi Hedley, lodontheredwa tiyi,
ndipo mawu ake ndinawamasulira m'mutu kalekale:
shuga akakwera popanda chifukwa, usadalire pampu.
Baya kaye ndi peni. Kenako sintha zonse, malo ndi malo omwe.
Akasanza, imba foni, usachite manyazi ndi nthawi.

Wadzuka peni isanakukhudze.
"Si tsiku lake, adadi. Tinasintha dzulo."
Wanena m'Chizungu chako cha kuno, chomeza mawu,
chimene chimandifika mochedwa.
Zaka zisanu ndi chimodzi, koma kalendala yako sulakwitsa:
masiku awiri a mtendere, lachitatu la singano.
"Mwandibera tsiku."

Ndilibe choyankha. Ndaba ndithu.

Ndamatula pulasitala, ndipo si uyu wolakwa:
kansonga kapulasitiki kapindika ngati mbedza,
kochepa kuposa njere ya mpunga.
Kameneka basi!
Kagonjetsa makina amene mtengo wake ndimaopa kufunsa.

Zatsopano ndatsegula, manja ndasamba kawiri.
Ndadzaza kachubu mpaka kadontho kalendewera kunsonga.
Malo wasankha wekha, kumbuyo, m'munsi mwa chiuno,
kutali ndi pofiira paja.
Tiwerenge mpaka zitatu, watero,
ndipo ine, monga mwa chizolowezi, ndabaya pa ziwiri.
Wandiyang'ana ngati wokhometsa msonkho.

Imwa madzi. Onse. Gona.

Ine ndakhala pa kapeti, msana pa hita yozizira,
kumvetsera mpweya wako ndi fuliji.
4 koloko: 14.8.
Sindinakhulupirire, ndayezanso.
Basi yoyamba yadutsa yopanda munthu, magetsi onse oyaka.
6 koloko: 9.3, maketoni atsika.
Ku Bilira pa nthawi ngati ino wina akanaimba nthungululu.
Kuno oyandikana nawo amagogoda khoma.

Kiyi wa amako walira pachitseko.
Sindinanene kanthu.
Ndangowapatsa sosala, kambedza kaja kali pakati,
iwo jekete asanavule, akuyang'anitsitsa,
kenako akwera masitepe ndi nsapato zonyowa.

Pa kalendala ya kukhitchini,
pansi pa tsiku lotaya zinyalala,
ndalemba ndi pensulo:
ngongole kwa Ndaziona, tsiku limodzi.
Kokalitenga sindikudziwa.